Tenti Yotsala Kuseri kwa Golo

Pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza pali bwalo la mpira. Mukafikapo lero mupeza kapinga atameranso, ana akuthamangitsana mpaka dzuwa kulowa, ndipo simungadziwe kuti chaka cha namondwe wa Freddy pamenepa panali mudzi wathunthu wa matenti. Matentiwo anachoka nyengo yozizira, koma imodzi inatsala kuseri kwa golo la kum'mawa mpaka dzuwa la Okutobala. Mwini wake anali a Gabriel Namakhwa.

A Namakhwa anabadwira kutsidya, kupitirira Milange. Anawoloka malire ndevu zikungoyamba kumene, nthawi ya nkhondo, mudzi wawo utatenthedwa. Amayi awo anamwalira m'njira, abale ena anabalalika osadziwika komwe analowera. Iwo anapeza ntchito pa esiteti ya tiyi, poyamba yothyola, dengu lili kumsana, kenaka yodulira tiyi ndi mpeni wokhota uja, mpaka zala zawo zinakhota ngati mpeniwo. Kumeneko anaonana ndi Anesi, mtsikana wothyola tiyi amene ankayimba nyimbo za m'tchalitchi mokweza kuyambira m'mawa, moti kapitawo ankadziwa mzere umene ali asanamuone. Anakwatirana nakhala m'malaini a kampani zaka zambiri. Mulungu sanawapatse mwana wobereka okha, koma mng'ono wawo wa mayi Anesi atamwalira anasiya kamwana kakakazi, Esteri, ndipo iwo anakalera mpaka kukakwatitsa.

Mphamvu zitatha, nyumba ya kampani inafuna wantchito wina. Awiriwo anasamukira kwawo kwa mayi Anesi, mudzi wa m'tsinde mwa phiri, m'mbali mwa kamtsinje. Kuno mwamuna ndi mkamwini. Amamanga, amalima, amabzala, koma malo ndi a mkazi. Mkaziyo akamwalira, maliro akatha, akuchikazi amamusudzula mwamunayo, kumumasula kuti abwerere kwawo. Amene ali ndi ana obereka yekha, anawo amamusunga. A Namakhwa ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo akamabzala nthochi m'munsi mwa munda ankakonda kuuza akazi awo kuti akupemphera kuti ayambe ndi iwo kufa. Mayi Anesi ankayankha kuti asawasiyire ntchito yolira, ali nazo kale zambiri.

Pemphero limenelo silinayankhidwe monga ankafunira. Mvula itagwa masiku otsatizana osakata, m'mawa wina a Namakhwa anatenga mbuzi kukazimangirira kumtunda chifukwa khola linali litadzaza madzi. Ali komweko anamva mkokomo ngati wa malole ambiri otsika phiri nthawi imodzi. Pocheuka anaona matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zikudutsa pakati pa mudzi. Nyumba yawo inapita, mayi Anesi ali momwemo. Anakumba ndi makasu, anatsata mtsinje mpaka kutali, koma thupi silinapezeke. Ngakhale manda a mudziwo anakwiririka.

Opulumuka anawaika pa bwalo la mpira lija. Anthu oyandikana ndi bwalolo anawalandira ndi manja awiri: uyu poto, uyu chitenje, uyu kamtolo ka nkhuni. Koma miyezi itayamba kusinthana, mitima inayamba kulema. Pamjigo mzere unkafika kumsewu. Zimbudzi zokumba mothamanga zinadzaza, ndipo mphepo ikatembenuka amayi a m'nyumba zapafupi ankatseka mazenera n'kumanong'onezana za kolera. Mipanda ya udzu inayamba kuchepa, nkhuku kusowa, ndipo tsiku lina mtanda wa golo la kumadzulo unapezeka utasanduka nkhuni. Palibe amene ankadana ndi anthu ovutikawo, koma pamsika pankamveka mawu akuti mlendo ndi mame, nanga mame ake ndi otani osakamukawa.

Kenaka malo atsopano anapezeka, pamtunda wouma kutali ndi mtsinje, ndipo mabanja anayamba kuzula zikhomo. Apa m'pamene a Moffat, mlongo wawo wa malemu Anesi yemwenso anali mwinimbumba, anabwera kutenti ya alamu awo. Anakhala pansi, anavula chipewa, nanena kuti mabanja ena amene sanapeze matupi a abale awo aika kale thunthu la nthochi m'manda monga ankachitira makolo, kuti mitima ikhale pansi. Anapempha kuti nawonso atero. Za malo ndi za kakhalidwe sananenepo kanthu, chifukwa kwa iwo kunali kuchititsa manyazi kukamba zimenezo mlongo wawo asanaikidwe.

A Namakhwa anayankha kuti adikire kaye, mwina apezeka.

A Moffat anabweranso kangapo, yankho lake lomwelo. Iwo ankaganiza kuti alamu awo chisoni chawasokoneza. Apamsika ankaganiza kuti mdalayo wazolowera ufa waulere, ngakhale kuti ufawo unali utasiya kale kubwera. Zoona zake ankazidziwa okha mwini wake. Ankadziwa mmene zinthu zimatsatirana: maliro, kumeta, kusudzula. Malinga Anesi sanaikidwe, iwo anali adakali amuna a Anesi. Tsiku limene dothi lidzagwere pa bokosi, adzauzidwa mwaulemu kuti abwerere kwawo, ndipo kwawoko kunalibe. Tsiku lina anafunsa akabaza a pamalire ngati amadziwa mudzi umene anabadwira. Onse anapukusa mitu. Dzinalo anali asanalimvepo.

Esteri ankabwera Loweruka lililonse ndi kaufa ndi nandolo, mwana ali kumbuyo, n'kumawachonderera kuti apite naye kumalo atsopano. Iwo ankamuthokoza, kumufunsa za chifuwa cha mwana, n'kusintha nkhani. Mumtima ankati awa ndi mawu a mwana wachifundo, koma mkamwini sasamuka pa mawu a mwana. Amayenera kumva kwa mwinimbumba, ndipo mwinimbumbayo ankangokamba za maliro.

Motero tenti inatsala yokha kuseri kwa golo. A Namakhwa sanali munthu wokhala manja lende. Ankasesa pakhomo m'mawa uliwonse, kusoka pong'ambika ndi ulusi wa thumba, kupita kuganyu m'minda ya nanazi, Lamulungu kutchalitchi ndi jekete lopatsidwa la manja aatali. Anyamata a timu ya pamsikapo atayambiranso kusewera mpira madzulo, mpira uliwonse wophonya golo unkagunda tentiyo, ndipo mphunzitsi wawo, Honest, ankaseka kuti agogo ndiwo wotchinga kumbuyo wodalirika kuposa onse. Kuseka kunatha pamene matimu ena anakana kudzasewera pa bwalo lokhala ndi nyumba, ndiponso pamene anthu anaona kuti mdalayo wafesa mpiru kuseri kwa tenti. Amene wafesa lero, ankatero apamsika, mawa aumba njerwa.

Sizinathere pomwepo. Amuna awiri onyamula katundu pamalire, amene analibe pogona, anaona kuti pa bwalo pamagoneka, nakhoma kachisakasa ka mapulasitiki pafupi ndi tentiyo. Posakhalitsa panawonjezekera chidakwa china chimene chinkatukwana odutsa. Amayi anayamba kuletsa atsikana kudutsa pa bwalo popita kuchigayo. Anthu oyandikana ndi bwalolo anakumana pansi pa mtengo wa mango, ndipo anyamata ena ananena poyera kuti angodikira mdalayo apite kutchalitchi, akagwetse tentiyo, ena aja athawa okha. Akuluakulu anakana kuti zimenezo n'zotembereretsa. Anagwirizana zotuma mayi Eneles, mayi wamasiye wa Mvano amene nyumba yake inali yoyamba kuchokera pa golo, yemwenso ankawalola a Namakhwa kusamba kubafa kwake.

Mayi Eneles anapita m'mawa, mame asanakamuke. Anawapatsa moni wa Chilomwe, wakuti mosheliwa, anakhala pa njerwa, nawauza zonse osabisa: za msonkhano, za mantha a amayi, za maganizo a anyamata. A Namakhwa anamvetsera atazolika. Mawu akuti anyamata akufuna kugwetsa tenti iwo ali kutchalitchi anawalowa ngati minga. Munthu amene sanathamangitsidwepo pantchito zaka zonse za pa esiteti, lero adzapeze bulangete lake litatayidwa pa kapinga?

Ndiye anayankhula. Anali asanauzepo munthu aliyense, ndipo mawuwo ankatuluka movuta. Anafotokoza za kusudzula, za mudzi umene akabaza sakuudziwa, za kuti Esteri si mwana wa m'mimba mwa Anesi.

"Nanga a Moffat munawafunsa?" anatero mayi Eneles.

"Mkamwini safunsa, mayi. Amauzidwa."

Mayi Eneles anathothola udzu pambali pa njerwa.

"Za kumene mukagone sindingakulonjezeni kanthu, achimwene. Sindine wa mbumba imeneyo. Koma ine amuna anga ndinawaika, ndipo mtima ukandiwawa ndimadziwa kolowera. Ndimatenga tsache, ndikasesa, ndikabwera ndapepukidwa. Inu mumalowera kuti? Nanga Esteri amakalira pati amayi ake?"

Tsiku lonselo a Namakhwa sanapite kuganyu. Anaona kuti miyezi yonseyi akhala akubisala kumbuyo kwa akazi awo, ndipo kuti Anesi, amene ankayimba m'maliro a anthu onse a m'mudzi, anali asanayimbiridwe ngakhale nyimbo imodzi. Kuopa sikunathe, koma madzulo ake anatumiza mawu kwa a Moffat kuti akonze tsiku.

M'mawa wa tsikulo a Namakhwa anazula okha zikhomo. Anapinda tenti bwinobwino nakaisiya pakhonde pa mayi Eneles, nawauza kuti mpiru uja athyole mbuzi zisanaudye. Honest atamva anabwera kudzathandiza, koma anapeza ntchito yatha, anangoyima akukanda mutu n'kumapepesa za mipira ija. Amuna onyamula katundu aja atatsala poyera anachoka sabata yomweyo n'kumakagona m'makhonde a magolosale. Palibe amene anafunsa zambiri za iwo. Apamsika anapuma. A Namakhwa anaika m'thumba bulangete, kapoto, Baibulo ndi mpeni wawo wokhota, namanga pakamwa pake zolimba. Anali atatsimikiza kuti akasudzulidwa sadzachititsa munthu manyazi powachonderera. Adzangowoloka malire, Mulungu adzaona.

Malo atsopano anali a dothi lofiira, opanda mthunzi, nyumba zambiri zili zosafolera. Manda nawonso anali atsopano, mitumbira yochepa chabe. Adzukulu anali atapita kumudzi wakale m'bandakucha, ndipo m'munsi mwa munda uja, momwe matope analambalala, anapeza nthochi zobzala a Namakhwa zitaphukiranso. Anadula thunthu limodzi. Amayi analikulunga m'chitenje chatsopano, ndipo a Mvano anaikapo duku loyera, popeza yunifolomu ya mayi Anesi inapita ndi madzi. Mkulu wa mpingo ananena poyamba pomwe kuti iye sanabwere kudzalalikira nthochi, ndipo kuti Mulungu amadziwa pamene mtumiki wake wagona ngakhale makasu analephera. Iye wabwera chifukwa cha amoyo amene akufuna polira.

Thunthu la nthochi limadzaza madzi, ndipo adzukulu atanyamula bokosi anadzandira. Mmodzi wa iwo, monga mwa mwambo wawo wosereula pamaliro, ananena mokweza kuti mayi Anesi anenepa kumene apitako, chifukwa ali moyo mwana ankatha kuwanyamula. Anthu anaseka chamumtima. A Namakhwa nawonso kuseka kunawatulukira osayembekeza, ndipo kusekako kusanathe kunasanduka kulira. Analira ngati mwana, koyamba chichokere tsiku la matope lija. Amayi anayamba nyimbo, imodzi mwa zomwe Anesi ankayimba m'mizere ya tiyi, ndipo dothi litagwera pa bokosi iwo anamva chinthu cholemera chikuchoka pachifuwa, ngakhale ankadziwa chimene chikubwera mawa lake.

Mawa lakelo, atameta, mbumba inakhala pansi kuseri kwa nyumba ya a Moffat, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo. A Namakhwa anakhala pa mpando umene anawaikira, thumba lawo lili pakati pa miyendo. A Moffat anayankhula nthawi yaitali. Anathokoza alamu awo kuti anasunga mlongo wawo popanda kumutukwana kapena kumukwezera dzanja, kuti sanamusiye ngakhale mwana sanabwere, kuti analera mwana wa m'mbumba ngati wawo. Kenaka ananena mawu aja: kuti kuyambira lero mbumba ilibe nawo mangawa, ndi omasuka, akafuna kukwatira akwatire, palibe adzawalondole.

A Namakhwa anawomba m'manja mwaulemu. Anathokoza ndi mawu ochepa, anadzuka, anakoleka thumba paphewa, nayamba kutsanzika amayi mmodzimmodzi.

"Alamu, thumbalo mukupita nalo kuti?" anafunsa a Moffat.

"Kwathu."

"Kwanu kuti?"

A Namakhwa analoza ndi mutu chakum'mawa, kumalire. Esteri anaika dzanja pakamwa. A Moffat anayang'ana alamu awo nthawi yaitali ngati akuona munthu wachilendo, kenaka anadzuka nawagwira pamkono.

"Tabwerani kuno."

Anawatsogolera kudutsa nyumba ya Esteri, mbumba yonse ikutsatira. Kuseri kwake kunali kanyumba ka zidina, ka zipinda ziwiri, makoma atafika pamwamba koma kopanda denga. A Namakhwa anali atakaona dzulo lake popita kumanda, nayesa kuti n'ka mnyamata wina wofuna kukwatira. A Moffat anafotokoza kuti pogawa malo, gawo la Anesi linagwera Esteri, ndipo Esteri ananena pamaso pa mbumba yonse kuti bambo ake amene anamulera adzakhala pomwepo mpaka Mulungu adzawaitane. Palibe anatsutsa. Zidinazo anaumba mwamuna wa Esteri ndi a Moffat amene, mwezi wa Julayi.

A Namakhwa anakhala pansi pakhomo pa kanyumbako, thumba likadali paphewa.

"Ndiye miyezi yonseyi mumatiyesa anthu otani?" anatero a Moffat, mawu awo akusonyeza kuti zawakhudza. "Kukusudzulani n'kukuchotsani ukwati, kuti mzimu wa mlongo wanga upume ndi inunso mupume. Ndani anati tikuthamangitsani?"

"Simunanene kanthu, alamu."

"Ndikananena bwanji za nyumba mlongo wanga ali kunja? Anthu akanati Moffat akugula alamu ake ndi zidina kuti avomere maliro. Inu osafunsa bwanji?"

"Ndikanafunsa bwanji ine mkamwini?"

Apa Esteri, amene sankayankhula pamaso pa amalume ake, analephera kupirira. Ananena misozi ili m'maso kuti iye wakhala akupita Loweruka lililonse kukawauza bambo ake kuti abwere, mpaka mapazi kuchita matuza, koma poti ndi mwana mawu ake ankagwera pansi. Mayi wina wachikulire wa m'mbumbamo anawomba m'manja kamodzi nati amuna awiri aimvi asunga munthu pa bwalo la mpira chilimwe chonse chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu wotere ukanakhala chimanga bwenzi mudzi wonse utakhuta. Amayi anaseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. A Moffat anaseka nawo monyinyirika, nati pamlandu umenewu aliyense alipire mnzake nkhuku.

A Namakhwa anatsitsa thumba. Mfundo ija anaimanga zolimba m'mawa wa dzulo inawakanika, mpaka Esteri anagwada n'kuwamasulira. Atapuma, anadzuka n'kulowa m'kanyumbako. Anayendamo pang'onopang'ono, akusisita makoma ndi zala zawo zokhota, akuyang'ana kumwamba komwe kunalibe denga. Anafunsa komwe kumapezeka nsungwi kuderalo, ndi ngati udzu wofolera ukadalipo kapena moto wa alenje a mbewa unatha nawo, chifukwa mitambo inali itayamba kale kusonkhana paphiri. Kenaka anayima pakhomo, nayang'ana uku ndi uku.

"Alamu, khomoli mwalilozetsa kumene kumachokera mphepo."

"Nyumba ndi yanu," anayankha a Moffat. "Mukafuna gumulani."

Sanagumule. Anafolera mvula yoyamba isanagwe, ndipo mpaka lero amakhala momwemo. Mwezi wa Juni mphepo ya kuphiri imalowadi pakhomopo, iwo n'kumadandaula kwa aliyense wobwera kudzawaona, akumwetulira.